Theresia wa Mafiriji ndi Benchi la Akuluakulu

Ku Buguruni mukafunsa za Theresia Kachingwe anthu amangoyang'anana, koma mukati mayi wa mafiriji uja, ngakhale wogulitsa malalanje pamsika akulozerani njira. Ndi mayi wamfupi, wa zaka makumi atatu ndi zisanu, woyenda mwandawala ngati wasiya mphika pamoto, chikwama cha zitsulo chili paphewa. Firiji ikamalira osaziziritsa kanthu, iye amangoika khutu pambali pake n'kudziwa chimene chavuta. Mzinda wa Dar es Salaam ndi wotentha chaka chonse, ndipo munthu wodziwa kupanga chisanu amayenera kukhala wokanganiridwa. Koma mayi ameneyu anatha zaka zinayi zathunthu ali lova, ndipo mmene zinathera zakazo ndi nkhani yopsetsa mtima.

Bambo ake, malemu a Laurent Kachingwe, anachoka ku Ntcheu ali mnyamata n'kudzatsikira mumzindawu opanda m'bale ngakhale mmodzi. Masiku amenewo Mnyasa, monga mmene anthu a kuno amatchulira munthu wa ku Malawi, ankapeza ntchito chifukwa cha mbiri basi: akuti saba, sayankha bwana, ndipo sadwaladwala. Amwenye a ku Upanga ndi azungu a ku Oysterbay ankafuna Mnyasa wophika, Mnyasa wothirira maluwa, Mnyasa wolondera pachipata. Mbiri imeneyi ndiyo inali munda wawo, ndipo onse ankadziwa kuti munthu mmodzi woba supuni akhoza kuwagonetsa ndi njala onse.

Ndiye a Laurent ndi anzawo anayi anapangana. Lamulungu lililonse, mapemphero a Chichewa akatha ku tchalitchi kwawo ku Magomeni, ankakhala pa benchi pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa tchalitchicho. Aliyense amene wamva za ntchito, kaya ya ulonda kaya yochapa, ankabwera nayo pa benchipo. Kuitenga wekha mwakachetechete, kapena kutsina khutu m'bale wako, chinali chamanyazi kuposa kuledzera pamaliro. Akuluakulu ndiwo ankasankha woti apite, n'kumulembera kalata yoti munthu uyu tikumudziwa, akalakwa mubwere kwa ife. Mabwana ankaikhulupirira kalata imeneyo kuposa chidindo. Posankhapo lamulo linali limodzi: ayambe ndi mwamuna wa banja, pakuti iye akagona ndi njala ndiye kuti nyumba yonse yagona ndi njala.

Tinene chilungamo, benchi limeneli linapulumutsa anthu ambiri. Alipo ana amene anaphunzira mpaka ku yunivesite chifukwa bambo awo anapita ndi kalata ya pa benchi kukalondera nyumba ya mwenye. Theresia anakula akulilemekeza ngati guwa. Ali kamtsikana ankaima patali ndi ana anzake, kuonerera bambo ake atavala jekete m'dzuwa la Dar, akupukusa kapena kugwedeza mutu, ndipo ankadziwa kuti pamenepo pakugawidwa moyo wa anthu. Pa benchi sipankalankhulidwa Chiswahili. Akuluakulu ankati Chiswahili n'cha pamsika ndi m'daladala, ndiye kuti m'minibasi, nkhani za mtundu zimakambidwa m'chinenero cha kwathu.

A Laurent anamalizira zaka zawo za ntchito ali mlonda pa fakitale ina yopanga madzi oundana kufupi ndi doko. Loweruka Theresia ndiye ankawapititsira chakudya, ndipo m'malo mobwerera msanga ankasuzumira m'chipinda cha makina, momwe amisiri, amene kuno amati mafundi, ankalimbana ndi mapaipi. Mafundi aja ankamuthamangitsa, iye n'kubwereranso, mpaka anatopa naye n'kuyamba kumutuma sipanala. Atamaliza Fomu 4 anauza makolo ake kuti akufuna kukaphunzira za mafiriji ku sukulu ya ntchito zamanja. Mayi ake, aNachisale, anati mwana wamkazi aphunzire kusoka ngati anzake. A Laurent anangoti musiyeni, singano ndi sipanala zonse n'zitsulo. M'kalasi mwake munali anyamata makumi awiri ndi atatu ndi mtsikana mmodzi, ndipo pa mayeso omaliza mtsikanayo anakhala wachiwiri.

Fakitale yomwe ija inamulemba ntchito, ndipo anagwirapo zaka zisanu ndi zitatu. M'zaka zimenezo anaika bambo ake m'manda, anakwatiwa ndi Deogratias, mnyamata wa ku Morogoro woyendetsa malole, ndipo anabereka mwana wamkazi, Anitha. Deogratias anali munthu wosekaseka, koma tsiku lina anapita ndi katundu ku Mwanza n'kupezako chomuseketsa kuposa cha kunyumba. Foni yake inayamba kusayankhidwa, kenako nambala inasintha. Theresia ananyamula mwana ndi zitsulo zake n'kubwerera kwa mayi ake ku Buguruni, m'nyumba ya zipinda zitatu imene a Laurent anasiya.

Chaka chotsatira fakitale inagulidwa ndi eni ena, ndipo anati mafundi atatu achuluka, atsale awiri. Bwana watsopano anamuitana Theresia mu ofesi n'kumuyamikira kwambiri, kuti ntchito yake ilibe banga. Kenako anati koma anzakewo ndi abambo, ali ndi mabanja, pamene iye ndi mayi ndipo mwamuna wake amusamala. Mwamuna wake uti? Bwanayo sanafunse, ndipo Theresia, woleredwa kuti asayankhe wamkulu, sanamuuze. Mmodzi mwa otsalawo anali munthu amene Theresia ankamukonzera zolakwa mlungu ndi mlungu osauza wina aliyense.

Apa m'pamene panayambira zaka zinayi zija. Anapondaponda misewu yonse ya mafakitale, kuchokera ku Buguruni mpaka ku Vingunguti ndi ku Chang'ombe, envelopu ya khaki ili m'manja mpaka inachita kufewa ngati nsalu. Kwina ankati tikufuna wosapitirira zaka makumi atatu, chonsecho akufunanso wodziwa ntchito zaka khumi, ngati kuti munthu amabadwa atagwira sipanala. Kwina mlonda wa pachipata ankasuzumira kumbuyo kwake, kufuna kuona fundi amene mayiyu wamuperekeza. Kwina, akangomva dzina loti Kachingwe, nkhope zinkawala: ndinu Mnyasa kodi? Mlamu wanga ku Masaki akufuna wantchito wa m'nyumba, ndipo Anyasa ndinu okhulupirika. Theresia ankathokoza mwaulemu, ndipo akatuluka panja ankalavula.

Chinanso chimene chinkamudya chinali pa foni yake yomwe. Anzake a m'kalasi aja anali ndi gulu lochezera, ndipo mmenemo munkalowa zithunzi tsiku ndi tsiku: uyu wavala chipewa cha kampani, uyo watsegula shopu yake ku Temeke, winayo akukonza makina a hotela ku Zanzibar. Wa ku Zanzibar ameneyu ndi amene anali womaliza pa mayeso, munthu amene ankakopera za Theresia osabisa n'komwe. Tsiku lina Theresia anakhala pansi n'kuwerenga anyamata aja mmodzimmodzi, ndipo anapeza kuti osowa pogwira anali atatu okha, mmodzi mwa iwo chifukwa cha mowa. Anzakewo ankamukonda ndithu, ankamutcha dada wa kalasi, kutanthauza mchemwali wawo, ndipo makina akawavuta ankamutumizira chithunzi kuti awaunikire. Koma malo akatseguka kwawoko, ankakumbukira mlamu kapena msuweni.

Ku benchi nako sanamuiwale. Kawiri konse akuluakulu anamuitana kuti kwapezeka ntchito yomuyenera, ndipo kawiri konse inali yolera ana a eni ake ndi kukolopa. Atakana mwaulemu, amayi a ku tchalitchi anayamba kunong'onezana kuti mwana wa a Kachingwe sukulu inamulowa m'mutu.

Poti njala sidikira, anayamba maganyu. Mabala a ku Sinza ali ndi mafiriji a mowa osawerengeka, ndipo onse ndi okalamba. Lero maganyu alipo, mawa palibe, mkuja mwini bala akuti mayi sangakwere padenga, aitane mwamuna. Nthawi imeneyo mlongo wake Evarist, mzime wa m'nyumbamo, anali atasiya sukulu, atayesa bodaboda, kabaza wa njinga yamoto, n'kugwa nayo, akungokhala pakhonde. Theresia anayamba kumutenga. Anamuphunzitsa kuwotcherera paipi, kuthira gasi, kuwerenga geji yoyezera gasiyo ndi kuyeza magetsi. Evarist sanali waulesi ndipo manja ake anali abwino, koma pa ntchitoyi anali ndi zaka ziwiri zokha, za mafiriji a m'mabala basi. Makina aakulu a chipinda chozizira anali asanawakhudzepo. Ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi anakwatira Jackline n'kumulowetsa m'chipinda chachitatu cha nyumba ija, ndipo posakhalitsa Jackline anaima.

Mwayi unabwera Lachitatu lina masana, Theresia atagwada kuseri kwa firiji pa bala ina ku Sinza. Mchemwali wake wa mwini bala, mayi wina dzina lake Nasma, anali atabwera kudzacheza, ndipo anakhala akumuonerera mpaka firiji inayamba kuzizira. Kenako anamufunsa kumene anaphunzira, ndipo atamva za fakitale ya kudoko anamulembera nambala yake ya foni pa kapepala. Anati iye amayang'anira nyumba yosungiramo nkhuku ndi nsomba zoziziritsa ku Buguruni komweko, fundi wawo akupuma pa ntchito, ndipo akufuna munthu wokhazikika. Abweretse masatifiketi ake ndi kalata ya munthu womudziwa, Lachisanu la mlungu wotsatira lisanadutse.

Kalata imeneyo akanaipeza kulikonse. Akanapita kwa mjumbe, mkulu wa nyumba za m'dera lawo, amene amalemba makalata otere tsiku ndi tsiku. Akanapita kwa mphunzitsi wake wakale. Mwana wina aliyense wa mu Dar akanathamanga tsiku lomwelo, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Koma Theresia ndi mwana wa a Laurent Kachingwe. Kwa iye ntchito ukaimva umapita nayo pa benchi, ndipo maganizo ochita mwina sanamufikire n'komwe. Ankaona ngati n'kungokwaniritsa mwambo: ntchito waimva ndi iye, satifiketi ndi yake, akuluakulu angolemba kalata ndi kumudalitsa. Masiku anayi amenewo anayenda akung'ung'udza nyimbo za kwaya, ndipo analonjeza Anitha nsapato zatsopano za kusukulu.

Lamulungu linafika. Mwa oyambitsa benchi aja anatsala mmodzi yekha, a Nicholaus Mbewe, bwenzi la a Laurent la ponda apa m'pondepo, amene anamunyamula Theresia pa ubatizo. Pambali pawo panakhala akuluakulu ena atatu. Theresia anagwada pamchenga monga mwa mwambo, nafotokoza zonse, n'kupereka kapepala ka Nasma ndi manja awiri. A Nicholaus anamuyamikira kuti bambo ake kumene aliko akondwa, chifukwa ana a masiku ano amameza ntchito okha ngati nsato. Kenako akuluakulu anaweramitsa mitu pamodzi n'kunong'onezana kanthawi kochepa, kochepa kwambiri.

"Ntchitoyi taiona," anatero a Nicholaus. "Apite Evarist."

Theresia anadzutsa mutu.

"Bambo, mayiwo anandiona ine ndikugwira ntchito. Anati ndipite ineyo."

"Ntchitoyi sikutuluka m'nyumba ya a Kachingwe, mwana wanga. Ili pakhomo panu pomwepo. Evarist ndi mwamuna wa banja, mkazi wake ndi woyembekezera. Iwe uli m'nyumba ya mayi ako, sugona ndi njala."

Mayankho anali ambiri m'mutu mwa Theresia. Ankafuna kufunsa kuti kodi Evarist akugona m'nyumba ya yani ngati si ya mayi omwewo. Ankafuna kufunsa kuti Anitha ndi chiyani ngati si banja, ndiponso kuti ufa umene nyumba ija yadya zaka zinayi unkagwa kumwamba kodi. Koma mafunso onsewa anamubwerera m'Chiswahili. Theresia anabadwira ku Buguruni. Chichewa amachimva chonse, ndi miyambi yomwe, koma cholankhula chake n'cha kukhitchini ndi cha moni, chosakwanira kutsutsa nacho nkhalamba zinayi. Ndipo kuyankha akuluakulu m'Chiswahili pa benchi kukanakhala ngati kuwatukwana. Anatsegula pakamwa, mawu anakana, ndipo a Nicholaus anaona ngati kukhala chete kumeneko n'kuvomera. Anaitana Evarist, amene anabwera akuyang'ana zala za kumapazi.

Pa siteji ya daladala pa msewu wa Morogoro Theresia anakumana ndi Salome, mayi wa ku Zomba amene anabwera kudzachita maphunziro apamwamba a chiwerengero cha anthu ku yunivesite ndipo ankapemphera nawo. Salome anaona zonse ali pakhonde la tchalitchi. Pofuna kumutonthoza, anamuuza zimene amawerenga m'mabuku ake, kuti ulova sugwera anthu mofanana. Mumzinda muno ndi wochuluka kuposa kumidzi, achinyamata amasowa ntchito kuposa achikulire, ndipo akazi amaposa amuna kutali. Anatinso mayi amene watopa n'kusiya kufunafuna, wowerenga anthu akafika pakhomo n'kuuzidwa kuti ameneyu ndi mayi wa pakhomo, nthawi zambiri salowa n'komwe m'gulu la osowa ntchito.

Salome ankalankhula ndi mtima wabwino, koma Theresia zinangomuwonjezera ukali. Anafunsa ngati mabukuwo amanenanso chifukwa chake. Salome anayamba kutchula maphunziro, kulera ana, chuma cha dziko. Theresia anamudula pakamwa, Chiswahili ndi Chichewa zili pamodzi, poti ndi Salome akanatha kutero. Anati iye sukulu anapita, mwana amatsala ndi agogo ake, ndipo chuma cha dziko sichinali pa benchi lija, panali amuna anayi ndi cholembera. Ndipo sananame. Manambala amenewo amayambira m'maofesi, pazipata ndi pansi pa mitengo ya nimu, kwa anthu aulemu wawo amene amagona tulo tabwino podziwa kuti achita chilungamo. Daladala ya ku Buguruni itafika Theresia anakwera osatsanzika.

Evarist anapita ndi kalata ya a Nicholaus itamatidwa mu envelopu, ndipo Nasma anamulemba ntchito mongoyesa kwa miyezi itatu. Anabwera kunyumba ndi ovololo ya buluu, aNachisale n'kulira ndi chimwemwe kuti mwana wawo wamwamuna wakhala munthu. Tsiku lachiwiri lomwe foni ya Theresia inayamba kulira. Dada, geji ikuloza apa, nditani? Dada, fani yaima. Dada, kukumveka phokoso ngati mwala uli m'chitini. Theresia ankayankha, ali m'daladala, ali kuseri kwa firiji ya munthu, ali pa mzere wa madzi. Ankayankha chifukwa ndi mlongo wake, ndiponso chifukwa makina aja ankamumvetsa chisoni. Kwa milungu itatu anayendetsa chipinda chozizira chimene anali asanachionepo, pamene aNachisale ankauza amayi a ku tchalitchi kuti Evarist anatengera mutu wa bambo ake.

Loweruka lina masana, dzuwa likuswa mtengo, Evarist anaimbanso foni. Kompuresa yaikulu, imene imayendetsa makina onse, inali itazima, ndipo m'chipindamo munali nkhuku zodzaza malole awiri. Zofotokozerana pa foni zinakanika. Theresia anakwera bodaboda, mlonda anamulowetsa poganiza kuti wabweretsa chakudya, ndipo anagona chagada pansi pa makina aja atavala diresi la pakhomo. Vuto silinali lalikulu kwa woidziwa ntchito: waya wina anali atapsa chifukwa Evarist anamumanga molekeza mlungu woyamba uja. Pamene kompuresa inkadzukanso, Theresia anaona nsapato zachikazi zitaima pafupi ndi mutu wake.

Anali Nasma, ndipo sanali wokondwa. Anamutengera mu ofesi n'kumufunsa kuti munthu amakaniranji ntchito kenako n'kumadzaigwira mobisa. Theresia anati iye sanakane. Nasma anatsegula kabati, natulutsa kalata ija n'kuiika patebulo. Inalembedwa m'Chiswahili chaulemu, ndi dzanja lokongola la a Nicholaus. Inkati mwana wathu Theresia akuthokoza kwambiri, koma poti ndi mayi wolera mwana sangathe ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo mwa kufuna kwake watumiza mlongo wake, amene ndi fundi wofanana naye.

Theresia anaiwerenga kawiri. Bodzalo linamuwawa, koma chinamubaya kwambiri n'chakuti a Nicholaus mwina sanadziwe n'komwe kuti akunama. Kwa iwo zinali zodziwikiratu kuti mayi wa mwana sangafune ntchito yotero, ndiye anangomulembera zimene anayenera kuganiza. Munthu amene anamunyamula pa ubatizo anamulankhulira ngati kuti mwini wake alibe pakamwa.

"Ine ndinadikira iwe mpaka Lachisanu madzulo," anatero Nasma. "Malo ndi amodzi. Mlongo wakoyu ndi mnyamata wabwino, koma lero akanandiwoletsera nkhuku zonse. Ukafuna, bwera Lolemba seveni koloko, iye ndimumasula. Ukapanda kubwera, akhale, poti ndaona kuti kumbuyo kwake kuli iwe."

Nkhaniyi Theresia sanaibise. Anaifotokoza madzulo omwewo pakhonde, pamaso pa mayi ake, Evarist ndi Jackline, ndipo ananena kuti Lolemba apita. ANachisale anakhala pansi pa simenti atatambalala ngati pamaliro. Anati chibadwire sanamvepo mkazi akulanda mlongo wake chakudya pakamwa, ndipo anthu adzati a Laurent anabereka mfiti. Anati maganyu si akupezekabe, ndipo Evarist akamalandira onse adya. Theresia anafunsa kuti nanga iye akamalandira, onse sadya kodi. Mayi ake anati zimenezo n'zosiyana, koma kusiyana kwake sanakutchule. Jackline anaimirira atagwira mimba, nalowa m'chipinda n'kutseka chitseko.

Lamulungu Theresia sanapite ku tchalitchi. Anayenda wapansi mpaka ku msewu wa mafakitale, n'kukaima kunja kwa mpanda wa nyumba yosungira nkhuku ija, kumvetsera makina akulira bwinobwino mkatimo. Si kuti analibe chisoni. Ankaona nkhope ya Jackline, ankaganiza za mwana amene ali m'njira, ndipo kawiri konse anatsala pang'ono kuimbira Nasma kuti zisiyeni. Koma akaganiza kuti atha zaka zina akuyankha foni m'daladala, ntchito akugwira iye dzina lili la wina, mtima unkamuuma gwa.

Masana a Nicholaus anabwera okha ku Buguruni, atavala jekete, akupuma movutika chifukwa cha kupanikizana kwa m'daladala. Theresia anawapatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kugwada. Nkhalambayo inalankhula nthawi yaitali, mofatsa. Inati chibale ndi fupa, sichiola, pamene ntchito imatha. Inati bwana uja akamuchotsa Evarist mbiri ifalikira kuti kalata ya Anyasa ndi yabodza, ndipo benchi limene bambo ake anakhoma ndi manja awo lifa. Theresia anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anawayankha m'Chiswahili, koyamba chibadwire, ndipo aNachisale anagwira pakamwa.

"Bambo, munalemba kuti ndinakana. Munandifunsa liti?"

"Tinakuganizira, mwana wanga."

"Ku fakitale nakonso anandiganizira. Aliyense akundiganizira, ndipo zaka zinayi zatha. Ngati kalata ija ndi yabodza, sindine ndinailemba."

A Nicholaus anaimirira osamaliza madzi aja, ndipo anatsanzika aNachisale okha.

Evarist anamupeza Theresia kuseri kwa nyumba akupukuta zitsulo zake ndi kansanza. Sanakalipe. Ankadziwa yekha kuti ntchito ija inamukulira, ndipo mwina mumtima anapumako pang'ono, koma maso ake anali ofiira.

"Dada, ndiye Jackline ndimuuza chiyani?"

Theresia anamuyang'ana mlongo wake, mwana amene ankamubereka kumsana ali khanda. Anamuuza kuti atenge makasitomala onse a ku Sinza, manambala awo amupatsa, ndi geji yachiwiri yomwe, ndipo chikamuvuta aziimba foni monga kale. Evarist anati ganyu si ntchito. Theresia anati akudziwa.

Lolemba anadzuka m'mamawa, nakonzekeretsa Anitha za kusukulu, n'kumanga mpango kumutu. Chitseko cha Evarist chinali chotseka. Mayi ake anali panja akusesa, atamufulatira. M'nyumba imeneyo palibe amene anatulukapo pachipata osatsanzika, ndipo palibe amene anatsanzikapo osauzidwa kuti uyende bwino.

"Amayi, ndapita."

Tsache linapitiriza kukanda pansi. Theresia anaima ndi katundu wake, nadikira, kenako anabwereza mokweza pang'ono. ANachisale anawerama kutola kapepala, nakaponya pa mulu wa zinyalala, n'kupitiriza kusesa cha kukhomo la Evarist. Ulendo unali wa mphindi makumi awiri wapansi, ndipo nthawi inali itatha. Theresia anatsegula chipata, natuluka, n'kuchitseka pang'onopang'ono kuti chisalire. Misozi inayamba atafika pamsika, ndipo sanaipukute, chifukwa manja onse awiri anali atanyamula zitsulo.